Mnyamata wanga wa zaka 4 wayambanso kukodza pogona, chibwibwi nacho chabwera. Chalowa n'chiyani?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Limbuli ku Mulanje. Ndaifupikitsa pang'ono, ndipo maina ndachotsa.

"Amayi anamwino, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wachisamba ndi wamwamuna, ali ndi zaka 4 ndi miyezi iwiri. Kukodza pogona anasiya atangokwanitsa zaka 3. Mu Epulo ndinachira mwana wamkazi, ndiye mnyamatayu tinamusamutsa kuti azikagona kwa anganga ake, nyumba yoyang'anizana ndi yathu. Chiyambire pamenepo mphasa imacha yonyowa katatu kapena kanayi pa sabata. Mu Julaye wayambanso chibwibwi: 'a-a-amama, ndi-ndi-ndikufuna.' Akapsa mtima amadzigwetsa pansi, ndipo tsiku lina anatsina khandalo. Nsima amangotema kawiri, basi wakhuta. Anganga ake akuti timumangirire chule m'chiuno, bambo ake akuti akufunika kamkwapulo, pomwe mnzanga amene timagulitsa naye zinanazi akuti lilime ndi lomangika, tikadulitse. Mwana wa aneba ndi msinkhu wake, amapita ku nesale yolipira ndipo amawerenga mpaka 20 m'Chingerezi. Wangayu ngakhale 5 safika. Kodi mutu wake uli bwino? Kapena wina wandichitira chipongwe?"

Zikomo amake mwana. Ndiyambe ndi mafunso awiri omalizawo, poti ndi amene akukusowetsani tulo. Pa zonse mwalembazi sindikuonapo chizindikiro cha mutu wosayenda bwino, ndipo dzanja la munthu sindikulionapo. Ndakhala pa sikelo zaka zoposa 20, ku Thyolo ndi kuno ku Mulanje, ndipo nkhani ngati yanuyi imabwera pafupifupi mwezi uliwonse. Nthawi zambiri mayi woifotokozayo amakhala ali ndi khanda kumsana, wamkuluyo atamugwira chitenje.

Tawerengani miyezi ndi zala. Khanda labwera mu Epulo. Mwezi womwewo mnyamata wachotsedwa pamalo pomwe wakhala akugona chibadwire. Msana umene unali wake wapeza mwini wina. Alendo odzaona mwana akumulambalala iye pakhomo ngati chitsa n'kuthamangira kukanyamula mlongo wakeyo. Ife akuluakulu timati tangokonza magonedwe, koma kwa iye wachotsedwa ntchito popanda ndi notisi yomwe. Ndipo wolowa m'malo mwakeyo amachita chiyani kuti azikondedwa chonchi? Amanyowetsa matewera, amalira, nsima sadya. Musandimve molakwa, sikuti mwanayu wakhala pansi n'kukonza chiwembu. Wa zaka 4 alibe nzeru zoterozo. Mtima wa mwana ukasowa pogwira, thupi limabwerera lokha ku zaukhanda. Makolo athu ankaziona izi, n'chifukwa chake tili ndi mawu akuti kutumbidwa, ngakhale kuti iwo ankanena makamaka za mwana wosiyitsidwa bere msanga. Wanuyu bere anasiya kalekale, chimene wasiyitsidwa mwadzidzidzi ndi inuyo.

Tiyambe ndi mphasa. Kuchipatala kukodza pogona sitikuyesa vuto mwana asanakwane zaka 5, ndipo pa zaka 5 pomwepo ana pafupifupi 15 pa 100 aliwonse amakhala akunyowetsabe. Anyamata ndi amene amachedwa kwambiri. Zimayendanso m'magazi. Tawafunsani bwinobwino amayi anu kapena apongozi, mwina mudzamva kuti amalume ake a mwanayu, kapena bambo ake omwe akufuna mkwapulowo, anasiya ali kale pasukulu. Kuti mwana adzuke wouma, thupi liyenera kuchepetsa mkodzo umene limapanga usiku, chikhodzodzo chikule moti n'kusunga mpaka kucha, ndipo ubongo uzolowere kumva kuitana kwa chikhodzodzo uli mtulo. Pa zitatuzi palibe chimene mwana angachilamule. Ndiye mkwapulowo ukulanga ndani? Munthu amene anali mtulo pamene mlandu unkapalamulidwa.

Anganga ndimawapatsa ulemu wawo, analera ana ambiri kuposa ine. Koma za chulezi ayi. Ndinalandirapo kamtsikana ka zaka 5 komwe anakachita zimenezi, anzake n'kumakaimba pabwalo m'mawa uliwonse. Kukodza sikanasiye. Chimene kanaphunzira n'kubisa. Kankadzuka m'bandakucha n'kukaponya chitenje chonyowacho kuseri kwa bafa, masana n'kumakana madzi ndi kusunga mkodzo chifukwa cha mantha, mpaka kanafika kwa ife thupi likutentha, kali ndi matenda a m'chikhodzodzo. Amene amati chule anathandiza mwana wawo, kawirikawiri amakhala kuti anamumangirira nthawi imene mwanayo anali atatsala pang'ono kusiya yekha.

M'malo mwake, kaoneni momwe usiku wake umakhalira kwa angangako. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikatsika m'phirimu, ngakhale wamkulu amayamba wazengereza asanatuluke panja, ndipo kuzizira pakokha kumachulukitsa mkodzo. Mwanayu ali mumdima, anganga ali mtulo tofa nato, chimbudzi chili kuseri kwa nthochi uko. Muikireni kandowa pafupi ndi pogona, ndi katochi koti akhoza kuyatsa yekha. Akodze asanagone. Anganga akamakagona akhoza kumudzutsa kuti akodzenso. Zimenezi sizichiza, zimangopulumutsa bulangete, koma kwa munthu wochapa m'nyengo yopanda dzuwa si chinthu chaching'ono. Yalani pulasitiki pansi pa chitenje. Kukacha konyowa, musachite phokoso: "Tiye tiyanike," basi. Kukacha kouma, muyamikireni pamaso pa bambo ake. Mukadali komweko yang'anani ngati akugona mu neti. Ana ambiri osamutsidwa chonchi neti imatsalira makolo ndi khanda, iwo n'kumalumidwa ndi udzudzu kwa agogo.

Ndinenenso za tiyi, ngakhale ndikudziwa kuti kuno n'kuputa anthu. Tinabadwira pakati pa minda yake, ndipo ambiri timamuyesa ngati madzi. Tiyi amathamangitsa mkodzo, komanso amalepheretsa thupi kutenga ayironi m'zakudya, yemwe ndi wofunika popanga magazi. Mwana wa msinkhu uwu asamwe tiyi madzulo, ndipo ndikanakhala ine, m'mawa momwe ndikanamupatsa phala. Zakumwa za m'mabotolo chimodzimodzi. Thobwa amwe masana. Koma madzi musamumane dzuwa likadalipo, chikhodzodzo chimaphunzira kusunga pogwira ntchito.

Mankhwala enieni ali m'manja mwanu ndi mwa bambo ake. Ngati nyumba ikulola, abwerere kwa miyezi ingapo, agone pakamphasa kakekake m'nyumba mwanu. Ngati sizingatheke, inuyo ndi amene muzikamugoneka kwa angangako, khanda mutalisiya ndi bambo ake, mumuuze kanthano kamodzi, kenako muzibwerera. Tsiku lililonse mupatuleni mphindi 10 zokha zimene zili zake, popanda khanda pamiyendo. Zikumveka zochepa, koma ndaona zikusintha nyumba m'milungu itatu kapena inayi. Bambo akewo, dzanja limene likufuna kuthyola mkwapulo lipinde mawaya apange naye galimoto, kapena amukweze panjinga Loweruka popita kumsika. Mupatseninso udindo pa mlongo wake: kubweretsa thewera, kumugwirira sopo posamba. Alendo akabwera, ayambe apatsa moni mkuluyo, ndipo iye ndi amene awaonetse mwana.

Komabe pali chimodzi chimene sindikufuna muchidumphe. Mwana amene anakhala wouma miyezi yoposa 6 kenako n'kuyambiranso timafuna timuyeze mkodzo ngakhale kamodzi, ngakhale chifukwa chake chikuoneka poyera ngati panopa. Pitani naye ku chipatala chaching'ono chapafupi. Muwauze ngati amalira pokodza, ngati mkodzo ukununkha mwachilendo, kapena ngati akudzikodzeranso masana. Ngati amasamba kapena kusewera m'mitsinje ndi m'madambo, yang'anitsitsani madontho omaliza a mkodzo. Mukaona magazi, amenewo akhoza kukhala likodzo, ndipo mankhwala ake alipo. Funsaninso kuti akupita kuchimbudzi masiku angati, chifukwa mwana wodzimbidwa chimbudzi chimapanikiza chikhodzodzo, ndipo ichi n'chifukwa chimene makolo ambiri sachiganizira. Akamadzikanda kumatako usiku, mwina ndi tinjoka ta m'mimba. Koma mukaona kuti akumwa madzi osakhutira, akukodza kwambiri usana ndi usiku, uku akuwonda ndi kufooka, musadikire tsiku la sikelo. Pitani tsiku lomwelo akamuyeze shuga, matendawa amagwiranso ana ndipo amathamanga.

Pamenepa ndifunse: buku lake lakuchipatala linalembedwamo liti komaliza? Amayi ambiri akangobayitsa katemera wachiwiri wa chikuku pa miyezi 15 amati sikelo yatha. Sinathe, imafika zaka 5. Miyezi 6 iliyonse mwana amayenera kulandira vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba.

Tsopano chibwibwi, chomwe ndikudziwa kuti chimapweteka mtima wa kholo kuposa mphasa, chifukwa mphasa imabisika. Chimakonda kuyamba pakati pa zaka 2 ndi 5, nthawi imene mawu akuchuluka m'mutu mofulumira kuposa momwe pakamwa pangawatulutsire. Zili ngati anthu otuluka m'tchalitchi pakhomo limodzi. Ana pafupifupi 5 pa 100 aliwonse amadutsamo, ndipo mwa iwowa atatu mwa anayi alionse chimawathera chokha. Amene amakula nacho ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 100. Kubadwa kwa mlongo wake sikunachilenge, koma mwana wotopa, wosokonezeka kapena wolimbirana mpata wolankhula chimamugwira kwambiri. Mudzaona nokha kuti masiku ena chimasoweratu, kenako n'kubweranso.

Lilime lisadulidwe. Mwanayu anayamwa bwinobwino, walankhula bwinobwino mpaka Julaye; lilime silimangika munthu ali ndi zaka 4. Ngati mukukayikabe, mupakeni uchi kapena shuga pamlomo wapamwamba muone ngati sanyambita. Pansi pa lilime pali mitsempha ya magazi, ndipo ndinaonapo mwana atabwera naye usiku magazi osaleka chifukwa cha lezala la kumudzi. Kuonjezera apo, lezalalo likhoza kubweretsa kafumbata. Chibwibwi sichikhala m'kamwa, chimachokera m'mene ubongo ukulumikizira mawu.

Chimene mungachite n'chovuta chifukwa n'chosaoneka. Akakakamira pa mawu, musamumalizire, musamuuze kuti "yankhula bwino" kapena "yambiranso", ndipo musayang'ane kumbali. Khalani pansi mufanane naye msinkhu, mudikire, kenako muyankhe zimene wanenazo osati momwe wazinenera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inuyo muchepetse liwiro polankhula naye, ana amatengera liwiro la akulu. Mafunso otsatizana ngati a kupolisi muchepetse. Ana a pamudzi amene amamuyeseza muwaletse mwamphamvu, ndipo akuluakulu oseka muwaletse kawiri. Nthano za anganga zija za "padangokhala", iye n'kumavomera "tili tonse", ndi nyimbo zoimba limodzi, zimamupatsa mpata wolankhula popanda womuthamangitsa. Mudzadabwa kuti poimba sachita chibwibwi.

Chikapitirira miyezi 6, kapena mukaona kuti akulimbana nawo mawu mpaka kutsinzina, kugwedeza mutu kapena kuuma nsagwada, kapena wayamba kukana kulankhula, kapena ngati kubanja kwanu kaya kwa bambo ake kuli wamkulu wachibwibwi, pitani ku chipatala chachikulu pa Boma mukapemphe kuonana ndi a mafizo. Iwo ndi amene amadziwa kotumiza ana ofunika thandizo la kalankhulidwe. Thandizoli limagwira bwino mwana asanayambe sukulu.

Za kudzigwetsa pansi sinditaya nthawi, ndi msinkhu wake. Onetsetsani kuti sali pafupi ndi moto, musiyeni amalize, ndipo chimene amalirira musamupatse pa nthawiyo. Akatonthola munyamuleni. Kutsina khanda kokha ndiye musalekerere. Mugwireni dzanja, mumuuze mawu ochepa, "Mwana satsinidwa, zimapweteka," akhale pambali mphindi zitatu kapena zinayi, nkhani ithere pomwepo. Kumutsina kuti amve momwe zimawawira kumangomuphunzitsa kuti wamkulu amaloledwa kutsina wamng'ono, ndipo m'nyumbamo wamng'ono kwa iye mukumudziwa. Kwa panopa awiriwa musawasiye okha.

Kudya nakonso kumatsika pa msinkhu uwu, chifukwa kukula kwachepa liwiro. Khanda limachulukitsa thupi lake katatu m'chaka choyamba, pomwe wa zaka 4 amangowonjezera makilogalamu awiri pa chaka. Ambiri amalemera cha m'ma 16, koma chimene ife timayang'ana ndi mzere wa m'buku mwake, ngati ukukwera. Mupatseni mbale yakeyake kuti muone zimene wadyadi, pakuti podyera limodzi ndi akuluakulu mwana wochedwa amapeza ndiwo zatha. Adye pang'onopang'ono kasanu pa tsiku. Kuno tili ndi mwayi: phala lothira nsinjiro, peyala, nthochi, nandolo, chigwada chotendera, dzira, matemba osinja. Vuto la kwathu kuno ndi mwana wongokhalira chinangwa ndi tiyi, kapena wokhuta timapaketi ta pa okala nsima isanapse. Musamuthamangitse ndi mbamu pabwalo. Mukaona mapazi akutupa, tsitsi likufiira ndi kupyapyala, kapena sikelo yaima miyezi iwiri yotsatizana, kaonaneni ndi alangizi a zaumoyo msanga.

Nanga mwana wa anebayo? Tsiku lina mumutume akupatseni miyala itatu. Mwina adzatha, mwina adzakubweretserani dzanja lodzaza. Ana ambiri amene amafika 20 akuimba nyimbo chabe, ndipo palibe cholakwika ndi nyimbo, koma si muyeso wa nzeru. Mwana wa zaka 4 ine ndimamuyesa ndi zina. Kodi amalankhula ziganizo za mawu anayi kapena kuposa, zoti mlendo n'kumva zambiri mwa izo? Akhoza kukufotokozerani chimene chachitika kwa anganga dzulo, ngakhale mosokoneza? Mukamutuma ziwiri nthawi imodzi, "katenge chikho ukawapatse ababa," amachita? Amasewera masanje ndi anzake, iye n'kukhala bambo kapena dalaivala? Amadumpha ndi mwendo umodzi, amawakha mpira, amajambula munthu pansi wokhala ndi mutu ndi miyendo? Amakutopetsani ndi "chifukwa chiyani"? Ngati zambiri mwa izi mukuti inde, mutu wake uli bwino. Kuwerenga mpaka 10 timakuyembekezera cha m'ma zaka 5, ndipo inu muli ndi sukulu yabwino pamalonda panupo: aziwerenga zinanazi poziika pamulu, chimodzi, ziwiri, zitatu, akuzigwira ndi dzanja.

Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6, ndiye nthawi ilipo. Ngati m'mudzi mwanu muli sukulu ya mmera mpoyamba, zija zoyendetsedwa ndi alezi ongodzipereka, mulembetseni. Kaoneni kaye: kodi ana akusewera ndi kuimba kapena angokhalitsidwa pansi kuloweza? Pali chimbudzi ndi madzi osamba m'manja? Alezi agwira ndodo? Phala likuphikidwa? Sukulu ya pansi pa mtengo yokhala ndi mlezi woleza mtima ndimaiika patsogolo pa yolipira yomwe ana 50 apanikizana m'kachipinda kamodzi. Muwauziretu alezi za chibwibwicho kuti asamamuimiritse kutsogolo. Kungoti musamuyambitse sabata yomweyo imene mukusintha zogona, zosintha zamukwana kale. Ndipo ngati anganga amamulankhula Chilomwe, asasiye. Zilankhulo ziwiri sizibweretsa chibwibwi, ndipo ana a m'malire muno akula nazo ziwiri kapena zitatu kuyambira kale. Chimene ndingachepetse ndi mavidiyo a pafoni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati wa msinkhu uwu asapitirire ola limodzi pa tsiku, ndipo azigona maola 10 mpaka 13 kuphatikizapo tulo ta masana.

Zimene zingandichititse kunena kuti musadikire n'komwe ndi izi. Mwana amene wayamba kuiwala mawu amene ankawadziwa kapena kulephera zimene ankatha, makamaka ngati anadwalapo malungo aakulu kapena anakomokapo. Mwana amene sacheuka mukamuitana chapansipansi muli kumbuyo kwake, kapena amene khutu limatuluka mafinya. Ana ambiri amene amatchedwa amwano kapena ogona m'mutu amakhala kuti sakumva bwino, ndipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli koyezera makutu, a pa Boma akhoza kukulemberani kalata. Mwana amene sayang'ana anthu m'maso, sasewera ndi anzake ndipo amangobwereza mawu a ena. Komanso mwana amene mwadzidzidzi wayamba kuopa munthu wina wake, kapena akudandaula kupweteka kumalo obisika. Pamenepo mufunseni mofatsa muli awiri, mumukhulupirire, mupite naye kuchipatala; nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana. Pa mafunso ena a zaumoyo, mukhoza kuimbira Chipatala cha pa Foni.

M'kalata yanu simunatchule chilichonse mwa zimenezi. Ndiye chitani chonchi: tengani kalendala kapena chikuto cha kope, muzichonga masiku amene wadzuka wouma ndi masiku amene chibwibwi chakula, kwa mwezi umodzi. Pepalalo mupite nalo kusikelo pamodzi ndi mabuku a ana onse awiri. Mnyamatayo anyamule yekha buku lake, ndipo mukafika pamzere ayambe kukwera sikelo ndi iyeyo, mlongo wake pambuyo.